Musanazule machaja, yambani mwafunsa mita yanu

Mayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mumakhala cha ku Kamuzu Road ku Salima, tsiku lonse muli kuntchito ndipo ana ali kusukulu, koma mayunitsi amene kale ankakufikitsani kumapeto kwa mwezi masiku ano akumatha pa 20. Bambo a kunyumba akuti olakwa ndi machaja a foni amene ana amasiya pasoketi, ndiye mukufuna kudziwa ngati n'zoona kuti chinthu chozimitsa chimadyabe magetsi.

Inde chimadya, koma kadyedwe kake n'kosiyana, ndipo pa zonse za m'nyumba chaja ndi imene imadya pang'ono zedi. Ine ndimakhala ku Senga Bay. Nkhani yomweyi inandisowetsa mtendere chaka chatha mpaka ndinatenga kope la mwana n'kuyamba kulemba manambala, choncho ndikufotokozerani zimene ndinachita ndi manja anga.

Poyamba kamasamu kochepa. Yunitsi imodzi imene timagula kwa ESCOM ndi mawati 1000 atagwira ntchito ola limodzi. Mwezi wa masiku 30 uli ndi maola 720. Ndiye chinthu chodya wati imodzi yokha usana ndi usiku chimamaliza mayunitsi 0.72 pamwezi, chodya mawati 10 chimamaliza mayunitsi 7.2. Chaja yabwinobwino imene ili pasoketi popanda foni sifika ngakhale theka la wati. Mutasiya machaja asanu mwezi wathunthu, sangadye mayunitsi awiri. Anawo muwaphunzitse ndithu kuzimitsa, n'khalidwe labwino, koma masiku khumi amene akusowawo sanapite kumeneko.

Zimene zimadya mwakachetechete ndi zija timazimitsa ndi rimoti n'kumaganiza kuti zagona. Dikoda ndiye yoyamba. Mukadina rimoti, chithunzi chimachoka koma mkatimo imakhala ili maso, ikulandirabe uthenga wochokera kumlongoti kapena ku dishi. Mawa m'mamawa musanayatse chilichonse, kaikeni dzanja pamwamba pake. Mukamva kufunda, dziwani kuti usiku wonse yakhala ikudya. Chitaninso chimodzimodzi ndi wailesi yaikulu ya masipika, kabokosi ka intaneti, microwave yoonetsa nthawi, ndi TV yakale ija ya chimsana. Magetsi onse amene chinthu chadya amathera kukhala kutentha, ndiye dzanja silinama. Ma TV atsopano ambiri alibe vuto kwenikweni, chifukwa ku Ulaya kuyambira 2013 lamulo limafuna kuti zipangizo zambiri zoterezi zisadutse theka la wati zikakhala chozimitsa, ndipo opanga ambiri anatsatira zimenezo. Vuto limakhala pa zakale ndi zija zotchipa zopanda dzina lodziwika.

Koma dzanja limangokuuzani kuti chikudya, silikuuzani kuchuluka kwake. Apa m'pamene mita imathandiza, ndipo simufunika kugula chida chilichonse. Pa mita pali kagetsi kofiira kamene kamaphethira. Pafupi nako pamalembedwa nambala, pa mamita ambiri ndi 1000 imp/kWh, kutanthauza kuti kakaphethira ka 1000 yunitsi imodzi yatha. Ngati yanu yalembedwa choncho, tengani foni muwerenge masekondi kuchokera pamene kaphethira kufika pamene kaphethiranso, kenako mugawe 3600 ndi masekondiwo. Yankho lake ndi mawati amene nyumba ikudya nthawi imeneyo.

Ine ndinachita Loweruka masana, aliyense atatuluka. Ndinazimitsa firiji kwa kanthawi, mababu ndi mafani onse ali chozimitsa, zina zonse ndinazisiya monga mmene timazisiyira tikamakagona. Ndinakhala pampando moyang'anana ndi mita. Kagetsi kanaphethira, ndinadikira, kanadzaphethiranso patatha masekondi 90. Ndiye kuti mawati 40, m'nyumba imene ine ndinkati zonse ndazimitsa. Pamwezi amenewo ndi mayunitsi pafupifupi 29. Mtima unandipweteka, kunena zoona. Ndinayamba kuzimitsa pakhoma chimodzichimodzi, uku ndikubwerera kukawerenga. Nditamaliza kunatsala kabokosi ka intaneti ndi tinatina, kagetsi kakuphethira patatha mphindi zisanu ndi imodzi.

Ngati kagetsi ka mita yanu kali patali, gwiritsani ntchito ka keypad ka m'nyumba kaja. Lembani mayunitsi otsala pochoka m'mawa, mulembenso pobwera madzulo. Tsiku lotsatira zimitsani zonse pakhoma kupatula firiji, mulembenso nthawi zomwezo. Kusiyana kwa masiku awiriwo ndiwo mayunitsi amene akupita pachabe. Musankhe masiku amene magetsi sanathime, apo ayi manambala akusokonezani. Kuti mudziwe ndalama zake, onani uthenga umene mumalandira mukagula pa Airtel Money kapena pa Mpamba, mugawe ndalama ndi mayunitsi amene anakupatsani, mupeza mtengo weniweni wa yunitsi imodzi.

Pali chinthu china chimene ambiri sitichiganizira. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, kuthimathima kunafika poipa ndipo mabanja ambiri anagula mabatire ndi mainverter, timakina tosintha mphamvu ya batire kukhala magetsi a m'nyumba. Inverter imadya payokha ngakhale palibe chimene ikuyendetsa, ndipo batire likakalamba silikhuta, limangokoka magetsi usana ndi usiku. Kwathu ndiyo inapezeka kuti ikudya kuposa dikoda. Ngati muli nayo, iyezeni payokha.

Tsopano ndinene chimene ndikuchikayikira kwambiri kwanuko. Mayunitsi 20 kapena 30 ndi ndalama ndithu, koma kuti mwezi uperewere masiku khumi, kawirikawiri pamakhala chinthu chotenthetsa kapena choziziritsa. Kuno ku Salima mukudziwa nokha mmene kumatenthera mu October ndi November. Dzuwa lomwe likupanga magetsi pa sola ya ku Nanjoka ija ndi lomwenso likuvutitsa firiji yanu. Firiji ikakhala yogunda kukhoma, kapena pafupi ndi pophikira, kapena pamene dzuwa la masana limalowera pawindo, injini yake sipuma. Mvetserani usiku, imayenera kulira kenako n'kukhala chete kwa kanthawi. Ikamangolira osalekeza, pali vuto. Tengani pepala mulipanitse ndi chitseko cha firiji n'kulikoka. Likatuluka mosavuta, labala ya chitsekoyo yatha ndipo mpweya wotentha ukulowa. Yanga inali choncho kumunsi, ndipo madzi oundana anali atamanga mufiriza kukhuthala ngati chala. Ngati mumasunga chambo chambiri kapena mumapanga mafirizesi ogulitsa, izi zikukhudzani kwambiri. Koma chonde musamazimitse firiji usiku pofuna kupulumutsa mayunitsi, muononga ndiwo, ndipo m'mawa idzalimbana kuti izizirenso.

Ngati nyumbayo ili ndi giza yotenthetsera madzi, mkati mwake muli chotenthetsera cha mawati 2000 kapena 3000. Ola limodzi lokha chikutenthetsa, mayunitsi awiri kapena atatu apita. Ndi nyengo yathu ino palibe chifukwa choisiyira choyatsa tsiku lonse. Onaninso mababu a panja. Babu lakale la mawati 100 likayaka maola 12 usiku uliwonse limamaliza mayunitsi 36 pamwezi, pamene la LED la mawati 9 limangodya atatu ndi pang'ono.

Za dikoda ndi TV njira yake ndi yapafupi. Masoketi athu ali ndi switchi, ndiye zilumikizeni zonse pa ekisitenshoni imodzi yolimba, womaliza kugona azidina pakhoma. M'mawa dikoda imatenga kamphindi kuti idzuke, ana amadandaula masiku oyambirira kenako amazolowera. Zimatetezanso katundu magetsi akabwera mwamphamvu atathima.

Mukazimitsa chilichonse, firiji yomwe, koma kagetsi kaja n'kumaphethirabe, ndiye kuti magetsi akutayika penapake m'mawaya, kapena pali chingwe chopita ku nyumba ya kuseri chimene simukuchidziwa, makamaka ngati nyumbayo ndi ya lendi. Pamenepo itanani munthu wa zamagetsi amene ali ndi chiphaso. Mita yokhayo musaitsegule kapena kudula chidindo chake, ndi mlandu ndipo n'zoopsa.

Yezani masiku awiri aja, mubwere ndi manambala anu pompano, munenenso ngati muli ndi giza kapena inverter. Tidzawerengera limodzi.