Yambani ndi vumbwe, mkango ubwere pambuyo

Aphunzitsi ena a sitandade 2 cha ku Ngabu andilembera kuti ali mkati mophunzitsa zoteteza nyama zakutchire, mwana wina anakweza mkono n'kunena kuti vumbwe wawagwirira nkhuku ndipo bambo ake atchera msampha. Akufunsa kuti amuyankhe bwanji.

Aphunzitsi, mwanayo musamutsutse. Chimene chimandiwawa n'chakuti ana a kuchigwa kuno timawaonetsa zithunzi za mkango utagona pamthunzi, mwinanso tiger amene kutchire la ku Africa kulibe, pomwe mphaka wakutchire amene iwo amamudziwa ndi uja wobwera usiku kukhola. Nkhuku imene yapitayo inali ya sopo ndi makope. Mukanena kuti wotchera msampha ndi woipa, mwana amva kuti mukunyoza bambo ake, ndipo phunziro lathera pomwepo.

Mbiri ya Majete, malo otetezera nyama zakutchire ku Chikwawa, ana aidziwe ndithu. Mikango inatheratu kumeneko. Bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira malowo mu 2003, linabweretsa akambuku mu 2011, mikango mu 2012, ndi cheetah mu 2019. Koma zimenezo zili mkati mwa mpanda wamagetsi. Vumbwe ndi njuzi ali kunja kuno, m'mabango ndi m'mphepete mwa madimba, ndipo alibe mlonda. Chakudya chawo chenicheni ndi mbewa ndi makoswe, omwe aja amatha mapira kumunda ndi m'nkhokwe. Ife tomwe timatentha tchire chilimwe posaka mbewa, kuwalanda chakudya ndi pobisala, kenaka n'kudabwa kuti afika kukhola. Ndikana kwamtuwagalu kuti tiziphunzitsa ana kukonda mkango wa pa chithunzi kwinaku njuzi ikupsa ndi lupsa kuseri kwa sukulu.

Zochita ndi ana

Aphunzitseni kuwerenga mapazi. Madzulo sesani malo a mita imodzi mbali zonse pafupi ndi khola kapena panjira ya kudimba, thiranipo mchenga wosefa, muusalaze ndi thabwa n'kuwaza madzi pang'ono. Ukauma kwambiri phazi limagumuka, ukachita matope limaterereka. Kaoneni m'mamawa nkhuku zisanatsegulidwe, apo ayi zipalasa zonse.

Phazi la mphaka limaonetsa zala zinayi popanda zikhadabo, chifukwa poyenda amazibweza mkati, ndipo kumbuyo kwa chidendene kumakhala timabampu titatu. Galu, nkhandwe ndi fisi zikhadabo zimaoneka. Ikani bokosi la machesi pambali: phazi la njuzi limatsala pang'ono kufanana nalo kutalika, la vumbwe n'laling'ono ngati la mphaka wapakhomo. Ana ajambule m'kope. Nthawi zina apeza kuti wakuba nkhuku ndi galu wa m'mudzi momwemo.

Awuzeninso kuti akapeza tiana ta vumbwe m'udzu asatitole, mayi wake amakhala pafupi. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala chifukwa cha chiwewe.

Mwana uja mumuyankhe kuti nkhuku zawo n'zofunika, ndipo msampha wa waya umakolanso mbuzi ndi galu. Akawathandize bambo kukweza khola pa nsichi zotalika mita imodzi, kutseka mipata yonse yoti nkhonya yake ingalowe, ndipo ntchito yotsekera nkhuku dzuwa likamalowa ikhale yake.