Kodi ndikuchimwa pokayikira mneneri wa amayi anga?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mlongo wathu wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Dzina lake ndi mudzi wake ndazisiya dala. Akuti amayi ake, omwe avala yunifolomu ya mvano zaka zoposa 30, chaka chino ayamba kupita ku feloshipu ya mneneri wina kwawoko. Mneneriyo wawauza kuti BP yawo si matenda koma kuti anachita kumangidwa, ndipo amene anawamanga ndi mkulu wawo wobadwa naye bere limodzi. Wawauzanso kuti kumwa mapiritsi ndi kuchepa chikhulupiriro, azingomwa madzi odzozedwa omwe amagulitsidwa komweko. Ndalama zomwe mwanayu amatumiza pa Mukuru zikuthera ku "mbewu", zopereka za kwa mneneriyo. Atayesa kuwalankhula pa foni, amayi anamudula pakamwa: "Usakhudze wodzozedwa wa Mulungu." Ndiye akufunsa kuti, "Kodi ndikuchimwa pokayikira? Nanga chiphunzitso chonyenga ndingachidziwe bwanji, poti munthuyo amawerenganso Baibulo?"

Achemwali, simukuchimwa. Koma tisanafike pa za chiphunzitso, pali nkhani imene singadikire, ndiyo ya mapiritsi. Kuthamanga kwa magazi ndi matenda achinyengo chifukwa munthu amatha kusiya mankhwala n'kumamva bwinobwino milungu ingapo, n'kuchitira umboni pamaso pa mpingo kuti wachira, pomwe m'thupi zinthu zikuwonongeka mwakachetechete. Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina amangogwa, mbali imodzi ya thupi itafa, kamwa itapindika. Ndanyamulapo maliro a anthu otero, komanso a anthu amene anasiya ma ARV atauzidwa kuti kachilombo katuluka. Amene amakumbukira mmene tinkakwiririra achinyamata chisanafike chaka cha 2004, pamene mankhwalawa anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma, amadziwa kuti mankhwala aja anali yankho la mapemphero athu enieniwo. Pezani munthu amene amayi amamumvera, kaya ndi amalume anu kaya ndi mnzawo wa mvano, awaperekeze kuchipatala sabata yomwe ino akayezedwe.

Ndipo musaope kuti mukulimbana ndi Malemba. Paulo, amene Mulungu anachiritsa anthu ambiri kudzera mwa iye, anasiya mnzake Trofimo akudwala ku Mileto (2 Timoteo 4:20). Timoteo atavutika ndi m'mimba, Paulo anamulangiza chimene angamwe kuti apezeko bwino (1 Timoteo 5:23), sanamudzudzule kuti alibe chikhulupiriro. Luka, amene ankayenda naye, anali dokotala (Akolose 4:14). Yesu mwini pochiritsa akhate khumi aja anawatumiza kwa ansembe kuti akawayeze (Luka 17:14), chifukwa ansembe ndiwo anali ndi udindo wotsimikiza kuti khate latha. Machiritso ochokera kwa Mulungu saopa kupimidwa. Ngati amayi achiradi, makina a kuchipatala akavomereza, ndipo dokotala yemweyo ndiye adzawauze zochepetsa mankhwala.

Tsopano vesi limene anakutsekerani nalo pakamwa. Lili pa Masalmo 105:15, ndipo ndikupempheni kuti mutsegule Baibulo lanu muyambire pa vesi 8. Mupeza kuti salmoli likukamba za Abrahamu, Isake ndi Yakobo, pamene anali anthu owerengeka, alendo oyendayenda m'maiko a eni. Mulungu ankachenjeza mafumu amphamvu, monga Abimeleki wa pa Genesis 20, kuti asawachitire nkhanza anthu opanda chitetezowa. Vesili ndi chishango cha ofooka pamaso pa amphamvu. Lero lasanduka chishango cha munthu wa maikolofoni ndi alonda pamaso pa mayi wamasiye amene wangofunsa funso. Ena amatchulanso Davide amene anakana kupha Sauli m'phanga muja. Zoona anakana kumupha, koma werengani 1 Samueli 24 mpaka kumapeto: Davide anatuluka, nafuula, namuuza Sauli kulakwa kwake pamaso pa asilikali. Paulo anamutsutsa Petro maso ndi maso ku Antiokeya (Agalatiya 2:11), ndipo Petro anali mtumwi amene anadya ndi Yesu mbale imodzi. Kuwonjezera apo, 1 Yohane 2:20 ndi 27 imati kudzoza kuli pa okhulupirira onse. Inunso achemwali ndinu wodzozedwa. Amayi anu aakulu aja, amene akutchedwa mfiti, ngati ali mwa Khristu nawonso ndi wodzozedwa, ndipo amene wawakhudza ndi mneneriyo.

Chimene ndikufuna mugwire ndi ichi: kuyesa chiphunzitso ndi ntchito imene Mulungu anapatsa mkhristu aliyense, osati abusa okha kapena ophunzira za zaumulungu ku Zomba ndi ku Nkhoma okha. Anthu a ku Bereya anamva ulaliki wa Paulo mokondwa, koma tsiku lililonse ankafufuza m'Malemba kuti aone ngati zinalidi choncho, ndipo Machitidwe 17:11 imawayamikira chifukwa cha zimenezo. Paulo sanakwiye. Iye yemweyo analembera Agalatiya kuti ngakhale iye mwini kapena mngelo wochokera kumwamba atabwera ndi uthenga wina, asamumvere. Mtumiki woona amakondwa mukabwera ndi Baibulo n'kunena kuti, "Abusa, apa sindinamvetse." Amene amakuopsezani ndi tsoka mukafunsa wakuuzani kale kuti ndi ndani.

Mwanena kuti munthuyo amawerenganso Baibulo. Inde, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi ndi yovuta. Satana poyesa Yesu anatchula Masalmo 91 molondola. Chiphunzitso chonyenga sichibwera chitanyamula chikwangwani. Chimabwera ndi nyimbo zomwe tizidziwa, ndi dzina la Yesu, ndi mavesi enieni ozulidwa pamalo pake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngakhale zozizwitsa si umboni wokwanira. Deuteronomo 13 imanena za mneneri amene chizindikiro chake chachitikadi, komabe akukokera anthu kutali ndi Mulungu, ndipo lamulo lake n'lakuti asamveredwe. Pa Mateyu 7:22-23 Yesu akunena za anthu amene analosera ndi kutulutsa ziwanda m'dzina lake, koma iye sanawadziwe konse. Ndiye mneneri akatchula nambala yanu ya foni kapena dzina la agogo anu, musathamangire kugwada. Zotere munthu angathe kuzipeza kwa othandizira amene amacheza ndi anthu pakhomo kapena pa Facebook, ndipo ngakhale atazidziwa mwa njira ina, funso likadalipo: akukutengerani kwa ndani?

Ine funso limenelo ndi limene ndimayezera. Munthu akakhala pansi pa chiphunzitso miyezi isanu ndi umodzi, kodi akudalira kwambiri Khristu kapena akudalira kwambiri mlalikiyo? Kodi angathe kupemphera yekha m'chipinda mwake ndi mtima wokhazikika, kapena akuona kuti pemphero lake silifika popanda botolo, sitika ya pachitseko, ndi dzina la "papa"? 1 Timoteo 2:5 imati mkhalapakati pakati pa Mulungu ndi anthu ndi mmodzi. Mukamva munthu akupemphera kwa "Mulungu wa papa wanga" ngati kuti iye alibe njira yakeyake yofikira kwa Atate, dziwani kuti chinsalu cha m'kachisi chimene chinang'ambika tsiku la mtanda wina akuchisokanso. Kunena zoona, zambiri zomwe tikuziona ndi kachitidwe ka kwa sing'anga kovekedwa suti: kuombeza maula kwasanduka ulosi, chithumwa chasanduka mafuta, chipondamthengo chasanduka mbewu.

Pa ndalama Malemba sazungulira. Simoni wa ku Samariya atatulutsa ndalama kuti agule mphatso ya Mzimu, Petro anamuuza kuti ndalama zakezo ziwonongeke naye pamodzi (Machitidwe 8:20). Elisa atachiritsa Namani anakana mphatso zonse, ndipo Gehazi amene anathamangira m'mbuyo kukatenga anatsala ndi khate (2 Mafumu 5). Kupereka kumpingo n'koyenera, ndipo wantchito ayenera malipiro ake. Koma pamene pemphero lili ndi mtengo, pamene kuonana ndi mneneri payekha kuli ndi risiti, pamene wopereka zambiri akhala kutsogolo ndipo ulosi wake ukhala wautali, pamenepo ndi pamsika. 2 Petro 2:3 inaneneratu za aphunzitsi amene chifukwa cha dyera adzachita nanu malonda ndi mawu opeka.

Chimene chandiwawa koposa m'kalata yanu ndi cha amayi anu aakulu. Izi si zachilendo kwathu kuno, ndipo tikudziwa kumene zimathera. Mu 1925 Tomo Nyirenda, mwana wa dziko lino amene anaphunzirapo ku Livingstonia, anayamba kubatiza anthu pakati pa Alala m'dziko limene lero ndi Zambia. Ubatizo uja unasanduka njira yogwirira mfiti, iye n'kumatchedwa Mwana Lesa, kutanthauza mwana wa Mulungu, ndipo anthu ambiri anamizidwa m'madzi mpaka kufa, kumeneko ndi ku Katanga, iye asanapachikidwe mu 1926. Mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo ataganiziridwa kuti ndiwo anatumiza mphezi imene inapha mtsikana. Mawu akuti "uyu ndiye wakumanga" amapha. M'malamulo a Malawi, kuyambira ndi Witchcraft Act ya 1911, kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ndipo m'Mauthenga onse anayi simudzapeza pomwe Yesu anachiritsa munthu n'kumuuza kuti mbale wake ndiye anamulodza. Ophunzira atafunsa za munthu wobadwa wosaona kuti anachimwa ndani, Yesu anakana kuloza chala aliyense (Yohane 9:3).

Pali chifukwa chimene aphunzitsi otere amayambira pa abale. Munthu akadana ndi mkulu wake, akakayikira ana ake, akasiya anzake a kumpingo wakale, amatsala ndi khutu limodzi lokha, lomvera mneneriyo. Ku Kenya, zisanaululike za m'nkhalango ya Shakahola mu Epulo 2023, Paul Mackenzie anali atakhala zaka akuphunzitsa kuti sukulu ndi chipatala ndi za Satana. Kenako anthu anasiya midzi yawo n'kumutsatira kunkhalango, komwe anauzidwa kusala kudya kuti akakumane ndi Yesu. Mitembo yoposa 400 inafukulidwa, yambiri ya ana. Sindikunena kuti mneneri wa kwanuyo afika pamenepo. Ndikunena kuti masitepe oyamba amafanana: siya mankhwala, kayikira abale, usafunse.

Pano ndiyenera kudziloza ndekha, pamodzi ndi ife a mipingo yakale. Musaganize kuti amayi anu apusa. Mayi amene wadwala nthawi yaitali, ana ali kutali, usiku tulo sitibwera, amafuna munthu woti amutchule dzina, amugwire dzanja, apemphere naye. Ndakhala mkulu wa mpingo zaka zambiri, ndipo ndikukumbukira mayi wina wa m'dera langa amene ndinkapita kwawo pokhapokha ikakwana nthawi ya khadi la zopereka. Atachoka kupita ku feloshipu, tinakhala pansi kukambirana zomudula, osafunsana kuti pa miyezi imene ankadwala tinali kuti. Mpaka lero zimandichititsa manyazi. Tinaphunzitsanso anthu kuloweza mayankho a m'kalasi osawaphunzitsa kuwerenga chaputala chathunthu paokha. Baibulo lathunthu m'chinenero chathu tili nalo kuyambira 1922, koma ambiri timalitsegula Lamulungu lokha, pa vesi limene wolalikira watiuza. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndipo chinyengo sichikhala m'matenti mokha ayi. Chimapezekanso pa guwa la mpingo wa zaka 100, pamene mlaliki aphunzitsa kuti chipulumutso chili m'dzina la mpingo kapena m'khadi lodzaza. Momwemonso alipo abusa a Pentekoste okhulupirika, amene amapempherera odwala kenako n'kuwaperekeza kuchipatala, ndipo iwowa amamva kuwawa ndi zimenezi kuposa ife.

Nanga amayi muwalankhule bwanji? Osati ndi mawu akuti "mwapusitsidwa". Mukatero adzateteza mneneriyo ngati akudziteteza okha, ndipo iye anawauziratu kuti adani adzayankhula kudzera mwa ana. Priskila ndi Akula atamva Apolo akuphunzitsa mosakwanira, anamutengera pambali n'kumufotokozera bwino (Machitidwe 18:26). Imbani foni kawirikawiri, osati ya mkangano. Apempheni kuti muziwerenga limodzi Uthenga wa Marko, chaputala chimodzi pa tsiku, iwo akuwerenga mokweza inu mukumvera. Mukafika pamene Yesu wachiritsa munthu, funsani mofatsa, "Amayi, apa analipiritsa zingati? Apa anatchula ndani kuti ndi mfiti?" Asiyeni ayankhe okha. Akhala m'Mawu zaka 30, zambiri akuzidziwa, zangokwiririka ndi mantha.

Ndalama musasiye kuwathandiza, chifukwa ndi amayi anu, koma sinthani njira. Tumizani kwa mbale wodalirika agule ufa, ndiwo, mankhwala ndi kulipira thiransipoti ya kuchipatala, ndipo amayi muwauze poyera chifukwa chake, musachite mobisa. Adziwitseni amalume anu ndi a mfumu za mawu amene anenedwa pa amayi aakulu, asanafalikire m'mudzi, ndipo wina azikawaona okalambawo. Kenako imbirani abusa kapena amayi oyang'anira mvano kumpingo wawo wakale. Muwauze kuti simukupempha mwambo wa mpingo, mukupempha kuti anzawo awiri kapena atatu apite Lachinayi likudzali akakhale nawo pakhonde, aimbe nawo nyimbo zomwe amazikonda, ndi kupemphera nawo za BP yomweyo.

Mukawayeza kuchipatala mundilemberenso, mundiuze kuti makina awonetsa chiyani komanso kuti amayi aakulu ali bwanji. Kunyumba kwathu kuno tayamba kale kuwatchula onse awiri pa pemphero la madzulo.