Sofa ikakanirira pakhomo mu Moving Out

Achimwene, mwafunsa kuti sofa yokhota ija ndi bedi mumazitulutsa bwanji mu Moving Out, gemu yosamutsa katundu wa m'nyumba n'kumukweza mulole nthawi isanathe, poti inu ndi mng'ono wanu mukumangolimbana nazo pakhomo mpaka nthawi kutha. Zala zanu zilibe mlandu. Vuto ndi loti nonse awiri mukufuna kukhala dalaivala.

Gemuyi, imene a kampani ya Team17 anatulutsa mu 2020, katundu wolemera anamupanga dala kuti azifuna anthu awiri. Mukagwira nokha mumangokhwekhwereza pang'onopang'ono ngati nkhono. Ndiye gwirani kumapeto, wina uku wina uko, osati pakati kapena nonse mbali imodzi. Ali kutsogolo ndiye alankhule, wakumbuyo azingotsatira. Kwathu tinachita kupangana zimenezi titakangana usiku wina mpaka kontirola kuikidwa pansi, nkhani yake firiji ya m'gemu!

Sofa yokhotayo musailowetse pakhomo molunjika, siidzatuluka. Yambani ndi mbali yaifupi. Ikangotuluka, wakutsogolo asapitirire kukoka, akhotere cham'mbali motsatira khoma, kuti ngodya ya sofayo izungulire pamphuthu. Wam'katiyo adikire kaye. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amakankha msanga, sofa n'kupingasa, onse awiri n'kumangovina pamalo amodzi. Ikatero isiyeni, bwererani nayo m'kati pang'ono, mugwirenso bwino. Masekondi atatu amenewo ndi ochepa poyerekeza ndi kukokana kopanda mutu.

Koma kunena zoona, khomo nthawi zambiri n'kudzivutitsa chabe. Ngati pali zenera lalikulu loyang'ana kumene kuli lole, nonse gwirani batani loponyera, muigwedeze uku ndi uku, muwerenge mokweza kuti wani, thuu, firii, n'kusiya limodzi. Galasi liphwanyike, palibe akulipiritseni, pokhapokha ngati mukusaka zolinga zapadera zimene gemu imapereka pa nyumba iliyonse, poti nyumba zina zimati musaswe zenera. Mukakhala m'chipinda cham'mwamba, njira imeneyi imakupulumutsani ku masitepe.

Za lole musazione mopepuka. Bedi, firiji ndi sofa zilowe koyamba, muzikankhire mpaka kumapeto. Mukayamba ndi timakatoni ndi timipando, sofa idzafika malo atatha, ndipo mudzayamba kutsitsa zomwe munakweza kale wotchi ikuyenda. Zing'onozing'ono muziponya pamwamba pomaliza. Makatoni a zinthu zosweka okha ndiwo musaponye chisawawa, wina akhale kutsidya awakhe.

Zikakanikabe, tsegulani Assist Mode. M'menemo muli mwayi wowonjezera nthawi, wopepukitsa katundu wa anthu awiri, ngakhale woti katundu azisowa akangofika mulole. Ena amati n'kubera, ine ndimati ngati mukusewera ndi mwana wa zaka 7 yatsani basi. Mukazolowera kukhota pamakomo muzimitse, mubwerere ku nyumba zoyambirira za ku Packmore, tawuni ya m'gemuyi, mukatenge mendulo zagolide za omaliza msanga.