Botolo lanu la vinyo ndi sitima ya ku Durban

Achemwali, ndawerenga funso lanu. Mwati mu Disembala muno inu ndi bambo akunyumba mukukwera sitima yapamadzi ya kampani ya MSC ku Durban, kuno ku South Africa, yopita ku Portuguese Island, kachilumba ka ku Mozambique, kukakondwerera kuti mwatha zaka 25 muli m'banja, ndipo mukufunsa ngati angakuloleni kulowa ndi botolo la vinyo limene ana anakugulirani ku Stellenbosch. Mafuno abwino kwa nonse awiri, zaka 25 si zapafupi. Koma yankho lake n'lakuti ayi. Ndikupemphani ndithu kuti botolo limenelo musalinyamule n'komwe, litsale kunyumba.

MSC siilola munthu kukwera ndi mowa wake. Kaya ndi vinyo, shampeni, mowa wa m'zitini kapena mowa waukali, zonse amakaniza, ndipo lamuloli silisintha kaya mwakwerera pa Nelson Mandela Cruise Terminal ku Durban, ku Cape Town kapena ku Genoa. Amene akuyankhani kuti botolo limodzi amalola sakunama ayi, kungoti akunena za makampani ena. Apa m'pamene anthu ambiri amasokonekera, chifukwa palibe lamulo limodzi la boma kapena la panyanja lonena za vinyo wa apaulendo. Kampani iliyonse imadziikira lake, ndipo tsiku lomwe munalipira tikiti lija munavomereza lamulolo ngakhale simunaliwerenge.

Mwachitsanzo Carnival, imene sitima zake zambiri zimanyamukira ku America, imalola wamkulu aliyense wa zaka 21 kupita m'tsogolo kulowa ndi botolo limodzi la 750 ml la vinyo kapena shampeni, losatsegula, pa tsiku lokwera lokha basi. Royal Caribbean nayonso ndi botolo limodzi la 750 ml pa munthu wamkulu. Abale athu a ku Britain amene amakwerera P&O ku Southampton amaloledwa lita imodzi ya vinyo kapena shampeni. Norwegian imalola vinyo koma imalipiritsa botolo lililonse. Costa ili ngati MSC, siilola. Ndiye munthu amene anakwerapo ku Miami kapena ku Southampton akakuuzani zimene anaona, akunena zoona zake, koma pachipata cha ku Durban sizikuthandizani.

Ngakhale kumene amalolako, pali kandalama kena kamene amakatcha corkage. Mukamwera vinyo wanuyo m'chipinda mwanu, makampani ambiri salipiritsa. Mukangopita naye kumalo odyera kuti woperekera zakudya akutsegulireni ndi kukuthirirani m'matambula, mumalipira. Pa Carnival ndi pa Royal Caribbean ndalamayi yakhala ili madola 15 pa botolo, ndipo makampani ena amadula kuposa pamenepo. Ngati vinyo wake ndi wotchipa wa m'supamaketi, corkage ikhoza kuposa mtengo wa botolo lenilenilo. Komanso akamati vinyo amatanthauza vinyo weniweni wa m'botolo. Wa m'bokosi uja amaukana. Amarula si vinyo. Sherry ndi port, mitundu ya vinyo wothirako mowa waukali, makampani ena amaziika m'gulu la mowa waukali. Za Malawi Gin ndiye musaganize n'komwe, ngakhale ndikudziwa kuti ife tikamapita kulikonse timafuna kabotolo ka kumudzi kakhale m'chikwama.

Kwa ena owerenga pano amene adzakwere sitima zololeza, pali chinthu chimodzi chimene chimagwetsa anthu. Pandege botolo la vinyo limayenera kukhala m'sutikesi yaikulu yopita pansi, chifukwa m'chikwama cham'manja salola zamadzimadzi zoposa 100 ml. Pasitima n'zosiyana: botolo liyenera kukhala m'chikwama cham'manja kuti achitetezo alione pachipata. Munthu wochokera ku Chileka kapena ku Kamuzu International Airport amatsika ndege, kugona ku hotela, m'mawa n'kupereka sutikesi yake kwa onyamula katundu padoko botolo lili momwemo. Akatero sutikesiyo amaigwira, ngakhale kuti botololo linali lololedwa. Ndi bwino kulisamutsa usiku womwewo musanagone.

Ndikulankhula chonchi chifukwa zinandionekerapo. Ulendo wanga woyamba pasitima yotere, sindinawerenge chilichonse. Ndinakulunga botolo la vinyo wa Pinotage m'chitenje, n'kuliika pakati pa zovala m'sutikesi, osati pobisa, koma kuopa kuti lingasweke. Tinapereka katundu padoko, tinakwera, sitima inanyamuka anthu akuvina pamwamba. Pofika madzulo masutikesi a anzathu onse anali atafika pamakomo a zipinda, yanga yokha ayi. Kenako ndinapeza kapepala pansi pa chitseko kondiuza kuti nditsikire kwa achitetezo. Ndinatsika mpaka kunsi kwa sitima, kumene kulibe makapeti kapena mawindo, phokoso la injini likumveka m'mapazi. Ndinapeza mzere wa anthu, wina anamugwira ndi ayironi, wina ndi ketulo, ambirife ndi mowa. Mnyamata wovala magolovesi anandipempha mwaulemu kuti nditsegule ndekha. Ndinamasula chitenje chija anthu akuona, iye anamata kapepala kolembapo nambala ya chipinda changa pabotolo, ndinasaina, n'kukoka sutikesi yanga kubwerera. Botolo ndinalilandira usiku womaliza, losatsegula. Palibe amene anandilakwira. Koma chakudya cha madzulo oyamba ndinadya nditavala zovala zomwe ndinayenda nazo tsiku lonse m'thukuta, mtima uli m'mwamba, ndipo amuna anga anadikira okha patebulo kwa nthawi yaitali. Sindikufuna kuti madzulo anu oyamba akhale otero, makamaka paulendo wamasiku ochepa ngati wa ku Portuguese Island, woti usiku uliwonse ndi wowerengeka.

Ndipo taganizirani botolo lanulo. Ndi mphatso ya ana. Mukalitenga, chabwino kwambiri chimene chingachitike n'chakuti likhala masiku onsewo litatsekeredwa m'chipinda chosungira katundu, inu osalilawa, kenako n'kubwerera nalo. Pakati pamenepo ladutsa m'manja mwa onyamula katundu, laponyedwa m'makheji a masutikesi, latenthedwa ndi dzuwa la Durban la mu Disembala. Vinyo wabwino sagwirizana ndi kutentha komanso kugwedezeka. Phindu lake palibe.

Tsopano za malangizo ena amene ndawaona, oti muthire vinyo m'botolo la shampu, la mankhwala otsukira m'kamwa, kapena m'timatumba tapulasitiki tobisa m'zovala. Chonde musayerekeze. Chikwama chilichonse chimadutsa pamakina ounikira, ndipo anthu amene amayang'ana pamakinapo ntchito yawo ndi yomweyo sabata ndi sabata, njira zonsezo anazitulukira kalekale. Carnival mu 2015 inafika poletsa zakumwa za m'mabotolo kulowa m'sitima zake, ngakhale madzi akumwa, chifukwa anthu ankathiramo mowa. Royal Caribbean inalemba poyera kuti achitetezo akhoza kutsegula mabotolo a madzi ndi a mankhwala otsukira m'kamwa, n'kutaya chilichonse chimene apezamo mowa, komanso kuti wophwanya malamulo a mowa akhoza kukanizidwa kukwera kapena kutsitsidwa panjira, n'kudzilipirira yekha ulendo wobwerera. Botolo losatsegula limene mwanyamula mosadziwa kawirikawiri amalisunga n'kukubwezerani. Mowa wobisa amautaya. Komanso vinyo wa ku Stellenbosch wothiridwa m'botolo la shampu wafa kale, si vinyo amene ana anu anasankha uja.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi pamene anthu amayamba kunyengerera ogwira ntchito m'sitima kuti awalowetsere mowa kapena atseke maso. Mnyamata amene amayala bedi lanu, mtsikana amene amakubweretserani chakudya, ambiri ndi ochokera ku Philippines, ku Indonesia, ku Madagascar, ku Mauritius, ena ndi a konkuno kum'mwera kwa Africa. Amakhala miyezi yambirimbiri panyanja osaona ana awo, akutumiza ndalama kwawo monga mmene ife timachitira. Inu akakugwirani mutaya botolo. Iye akagwidwa ntchito yatha, ndipo banja lonse kumudzi ligona ndi njala. Ife amene tikudziwa tanthauzo la kugwira ntchito kudziko la eni tisamaike mnzathu pachiswe chifukwa cha tambula ya vinyo.

Chifukwa chimene amaletsera si chobisika. Choyamba ndi ndalama, ndipo sindibisa. Tikiti ya sitima imaoneka yotchipa poyerekeza ndi hotela ndi chakudya cha masiku onsewo chifukwa kampani imayembekezera kupeza phindu m'mabala, mu kasino, m'masitolo ndi pa maulendo a kumtunda. Aliyense atabwera ndi mowa wake, bala silingayende. Koma palinso chifukwa chachiwiri chimene ine ndimachivomereza ndi mtima wonse. Sitima ngati imeneyo imanyamula anthu masauzande, ana ali momwemo, ndipo usiku kunja kumakhala mdima ndi madzi okhaokha. Wogulitsa pabala akaona kuti munthu waledzera kwambiri amasiya kumupatsa. Munthu amene akumwa yekha mowa waukali m'chipinda chokhala ndi khonde loyang'ana kunyanja palibe womuletsa. Akadwala kapena kugwa, chipatala chachikulu chili kutali. Ife tinazolowera Ilala, kumene munthu amakwera ndi chilichonse chimene wanyamula, kuyambira matumba a ufa mpaka nkhuku. Sitima za ku Durban n'zina, zili ngati hotela imene ili ndi chipata cha pabwalo la ndege.

Chipatacho sichitha tsiku loyamba. Mukatsikira ku Portuguese Island, kachilumba ka pafupi ndi Inhaca kunja kwa Maputo, kapena ku Pomene ngati ulendo wanu ukafika kumeneko, mukhoza kukumana ndi ogulitsa zinthu, ndipo anthu ambiri amakopeka ndi mowa waukali wa Tipo Tinto ndi mowa wa 2M. Kugula sikoletsedwa. Koma pobwerera m'sitima chikwama chanu chimadutsanso pamakina, botolo amalilandira, kulilemba nambala ya chipinda, n'kudzakupatsani kumapeto kwa ulendo. N'chimodzimodzinso ndi mowa wogula m'sitolo ya duty free (yogulitsa katundu wopanda msonkho) ya m'sitima momwemo: mumalipira lero, kulandira usiku womaliza kapena m'mawa wotsika. Sungani kapepala kamene akupatseni. Ndipo potsika ku Durban kumbukirani kuti mukulowa m'dziko kuchokera kunja. Malamulo a kasitomu a ku South Africa amalola wamkulu aliyense malita 2 a vinyo ndi lita imodzi ya mowa waukali popanda msonkho. Mukapyola pamenepo muyenera kuulula. Pa chifukwa chomwecho, onaninso pasipoti ndi pemiti yanu yokhalira kuno kuti zili bwinobwino musananyamuke, chifukwa mudzadinditsa potuluka ndi polowa.

Ndiye chikondwerero chanu chiyende bwanji? Lowani pa webusaiti ya MSC kapena pa app yawo ndi nambala ya booking yanu, kapena funsani amene anakugulitsani tikiti. Mukhoza kuitanitsiratu botolo la vinyo kapena la shampeni ndi keke kuti muzipeze m'chipinda kapena patebulo pa tsiku lomwe mwasankha. Kumalo odyera kuli mndandanda wa vinyo wogula pabotolo. Mukalephera kumaliza, muuzeni woperekera zakudya akusungireni, mawa lake adzakubweretserani botolo lomwelo. Anthu ambiri sadziwa zimenezi, amangodzikakamiza kumaliza. Kwa banja lomwa tambula imodzi kapena ziwiri pachakudya, mabotolo awiri akhoza kukwanira ulendo wonse.

Za phukusi la zakumwa lolipiriratu, khalani pansi muwerengere kaye. Limalipiridwa masiku onse a ulendo, osati tsiku limodzi, ndipo lamulo lake n'lakuti onse a m'chipinda chimodzi agule. Ngati bambo amamwa koma inu mumangolawa, mwina mungolipirira mowa umene simumwa. Kumbukiraninso kuti tsiku limodzi mudzakhala kumtunda. Ngati nonse mumakonda khofi, madzi a m'botolo, zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi vinyo wamadzulo, likhoza kukupindulirani, ndipo kugula musanakwere kumakhala kotchipa kusiyana ndi kugula m'sitima. M'sitimamo mitengo imakhala m'madola a ku America, zonse zimalembedwa pa khadi la chipinda, ndipo pa chakumwa chilichonse chogula pachokha amawonjezerapo ndalama ya ntchito. Chifukwa simutulutsa ndalama m'thumba, ngongole imakwera mwakachetechete. Muzionako pa app kapena pa TV ya m'chipinda madzulo alionse, makamaka poti ife timalandira maranda.

Malamulo amenewa makampani amawasintha nthawi ndi nthawi, choncho tsegulani mapepala a tikiti amene anakutumizirani, pezani gawo la zinthu zoletsedwa, muwerenge nokha sabata yonyamukayo. Mupezamonso ayironi, ketulo ndi makandulo, zimene amaletsa poopa moto. Ngati munaganiza zoyatsa kandulo m'chipinda usiku wa chikondwererowo, nayonso itsale.

Ndikanakhala ine, botolo la ana lija ndikanaligoneka chammbali m'kabati yamdima, kutali ndi chitofu ndi windo, n'kudzalitsegula Lamlungu lotsatira titabwerako, ana amene analigulawo ali patebulo, tikuwaonetsa zithunzi za kunyanja. Ndipo tsiku loyamba mukangokhala patebulo m'sitimamo, muuzeni wamkulu wa operekera zakudya tsiku lenileni la chikondwerero chanu, alilembe.