Musatumize ndalama musanaone mapepala ake

Achemwali inu mukufunsa kopimitsa nzeru (IQ) za mwana wanu wa Grade 2 pamtengo wabwinoko, ndikulemba mtima ukuwira chifukwa nkhani imeneyi inandidyera ndalama komanso inamuvulaza mwana wanga. Chonde chonde musatumize ndalama pa EcoCash kwa munthu musanaone pepala lake la Allied Health Practitioners Council of Zimbabwe, kumeneko ndi kumene ma psychologist a muno, akatswiri a za maganizo, amalembetsa ndipo satifiketi yogwirira ntchito imakhala ya chaka chimenecho, osati yakalekale yomwe yangopachikidwa pakhoma.

Wanga ali Grade 3 amawerenga mabuku a mkulu wake wa Grade 7, masamu ochulukitsa amangochitira m'mutu, ntchito ya m'kalasi akamaliza amayamba kusokosera anzake ndiye aphunzitsi kumangoti ndi wamwano. Ahedi anati bwerani ndi lipoti la psychologist kenako tione zomudumphitsa kalasi. Mayi wina kutchalitchi anandipatsa nambala ya bambo wina amene amadzitcha dokotala, ofesi yake mtauni pamwamba pa mashopu ogulitsa mafoni, anati $180 zonse zitheka tsiku lomwelo. Ine ndimagulitsa kaunjika, ndalama ngati imeneyo sindiyiona wamba, ndinatenga ya chipereganyu yomwe ndimafuna kupikulira bhero lina. Tinakwera kombi, titafika mwana analowa muofesimo, sipanathe ndi nthawi yophika nsima atuluka kale. Mapepala ake anali a fotokope ofufutika, lipoti tsamba limodzi, nambala yaikulu pakati ndi chidindo pansi, bamboyo nkumuuza mwana pamaso panga kuti iwe ndiwe genius, Grade 3 si malo ako.

Lolemba lake mwana anadzuka yekha kusanache, nsapato anapolisha yekha, anali atauza kale anzake onse kuti akupita Grade 4. Tinalowa muofesi ya ahedi, iye anaima pakhomo atakumbatira chikwama chake pachifuwa. Ahedi anayang'ana pepala lija kutsogolo, kulitembenuza kumbuyo kopanda kanthu, nkufunsa kuti nambala yolembetsera ya munthuyu ili pati, dzina la mayeso lili pati. Panalibe. Anaitana aphunzitsi a mwanayo nkuwapatsa pepalalo, awiriwo anayang'anizana nkuseka, ndiye ahedi akuti amayi izi anangozitsitsa pa intaneti, mwaberedwa. Chitseko chili chotsegula, mwana akumva zonse! Anangowerama nkuyamba kukanda lamba wa chikwama ndi chikhadabo, sanalire, anandifunsa motsitsa mawu kuti amama ndiye ndipite kalasi iti. Ndinamuperekeza ku Grade 3 komweko ana onse akumuyang'ana. Kuyambira pamenepo anzake anamupatsa dzina loti Professor, anasiya kukweza dzanja, anayamba kulakwitsa masamu dala kuti afanane ndi anzake, m'mawa uliwonse m'mimba mukupweteka. Mwana amene amawerenga mpaka zolemba za pa paketi ya shuga anasiya kugwira buku.

Bambo uja foni yake inasiya kulowa, nditapitako ndinapeza ofesi ija akugulitsamo mawigi. Munthu wamkulu ndevu pepeya kumadya ndalama za azimayi a pamsika ponamiza ana, Mulungu amuone ameneyo. Komanso ahedi aja sindinawakhululukire, kuberedwa kunali kwanga inde koma kuseka mwana ali pakhomo? Akanatseka chitseko kaye. Ndi iwo omwe anandituma lipoti koma osandiuza kuti unduna wa maphunziro uli ndi ma psychologist akeake a Schools Psychological Services, oti ahedi amangolemba kalata kupita ku ofesi ya district. Ndinamva kwa kholo lina pageti. Ndinalembetsa koma mzere wake ndi wautali, anthuwo ndi ochepa ndipo amayamba ndi ana amene akulephera kuwerenga kapena olumala, zomwe ndikumvetsa, mwana wanzeru amaoneka ngati alibe vuto.

Mapeto ake mlamu wanga wa ku Johannesburg anathandiza tinapita kwa mayi wina amene ndi educational psychologist weniweni, woona za kaphunziridwe ka ana, analola kulipira pang'onopang'ono. Kusiyana kwake eee. Anayamba wacheza ndi ine kaye, kufunsa za kubadwa kwa mwana, chilankhulo cha pakhomo, malipoti a kusukulu. Mayeso ake ndi WISC, a ana a zaka 6 mpaka 16, ocheperapo ali ndi awo otchedwa WPPSI. Amakhala awiriwiri ndi mwana kupitirira ola, pali timabuloko tofiira ndi toyera toti apange chithunzi chomwe wasonyezedwa, kutchula manambala chobwerera m'mbuyo, kufotokoza matanthauzo a mawu, zina amawerengera nthawi ndi wotchi. Sizituluka nambala imodzi yokha, amaona mbali zisanu, mawu, zithunzi, kuganiza, kusunga zinthu m'mutu ndi changu. Pakatikati ndi 100, ndipo ofika 130 kupita m'mwamba amakhala ana awiri okha pa 100 alionse. Lipoti linatenga masabata, masamba ambiri, ndi malangizo a aphunzitsi kumapeto.

Apa ndi pamene ife a kuno tiyenera kusamala. Mayesowa anapangidwa ku America mu Chingerezi ndipo mwana amafanizidwa ndi ana a kunja amene Chingerezi anayamwira. Wanga pakhomo ndi Chichewa ndi agogo ake, panja ndi Chishona, Chingerezi ndi cha m'kalasi basi. Pa mawu anatsika, pa zithunzi ndi kuganiza anakwera kwambiri, ndiye mayiyo anawonjezera mayeso ena a Raven omwe alibe mawu, ndi zithunzi zokhazokha zoti upeze chidutswa chosowa, nkulemba mulipoti kuti nambala ya mawu isatengedwe ngati malire a mwanayu. Munthu wosadziwa akanangophatikiza nkukuuzani kuti mwana wanu ndi wamba. Ndiye mufunse kuti agwiritsa mayeso ati, nanga za chilankhulo achita bwanji. Osamuphunzitsa mayankho, ndipo mayeso omwewo sabwerezedwa chaka chisanathe chifukwa mwana amakumbukira.

Koma kunena zoona achemwali, ndi lipoti lenilenilo sukulu sinamudumphitse kalasi, anati ndi wamng'ono thupi. Chinasintha ndi chakuti aphunzitsi a chaka chotsatira analiwerenga nkuyamba kumupatsa ntchito ya kalasi yapamwamba akamaliza yake. Ndiye ngati ndalama ndi zovuta ine ndingati musavutike nazo, ndalamayo mugulireni mabuku, mulembetseni ku Harare City Library, mupezereni chess. Mtsikana wa muno Maud Chifamba analowa University of Zimbabwe mu 2012 ali ndi zaka 14, chinamufikitsa ndi zotsatira za mayeso a sukulu. Ngakhale pa Grade 7 a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso a sukulu, safunsa IQ ya mwana.

Komabe ngati mungakwanitse mupimitseni ndithu, musachedwe, chifukwa popanda lipoti lenileni lija wanga akanapitirira kutchedwa wamwano ndipo ine ndemwe ndinayamba kukayika kuti mwina ndikungomukweza. Yambani mwafunsa ahedi kuti lipoti likabwera achita nalo chiyani kwenikweni, makamaka alembe. Ngati muli pa medical aid afunseni ngati amalipirako. Nambala ikatuluka musamuuze mwana, ngakhale azakhali ake pa WhatsApp. Ndipo ngati amene mwapatsidwa nambala yake akulonjeza zotsatira tsiku lomwelo, bwerani ku inbox kaye tifananitse manambala a foni.