Khadi langa lafa, kodi yalipha ndi foni?

FUNSO: Akulu, khadi langa la ku banki likukanidwa ndikaswaipa. Loweruka lapitali ndinachita kubweza ufa ndi mafuta pa kauntala, anthu akundiyang'ana. Mlamu wanga akuti yalipha ndi foni, poti ndimaziika m'kachikwama kamodzi. Ndi zoona? Nanga latsopano likabwera, lakaleli ndilitaye bwanji?
Mayi wa ku Mufakose, Harare

YANKHO: Pepani mayi, manyazi amenewo ndikuwadziwa. Koma mtima ukhale m'malo, ndalama sizikhala m'khadimo, zili ku banki.

Mzere wakuda uli kumsana kwa khadiwo ndi fumbi lachitsulo lomatidwa, ndipo kanthu kalikonse m'fumbimo n'kamaginito. Nambala ya khadi ndi mwezi wothera ntchito zinalembedwa pochita kutembenuza timaginito timeneti, tina uku tina uku. Maginito wamphamvu akakhudzapo, tonse timaloza kumodzi, zolembazo n'kufufutika. Nzeru yomata tepi ya maginito pa khadi ndi ya Forrest Parry wa ku kampani ya makompyuta ya IBM, m'zaka za m'ma 1960, ndipo tepiyo itamukanika kumata pa pulasitiki, mkazi wake ndi amene anamuuza zoyesa simbi yositira.

Alamu anuwo alasa pafupi, koma foni payokha ndiikayikira. Mzere wa khadi la ku banki ndi wouma mutu: mphamvu ya maginito yoti iwufufute imafika pa 2750 pa muyeso wotchedwa oersted, pamene makadi otsegulira zitseko ku hotelo amagonja pa 300 pokha. Yang'anani chotsekera kachikwamako. Ngati chimadzitseka chokha kuti phaa, muli maginito, ndipo khadi likamagona pomwepo tsiku ndi tsiku, wolakwa angakhale ameneyo. Langa linafa mwanjira ina, linakalikakalika ndi makiyi m'thumba la thalauza.

Ngati lanulo lili ndi chipi, kachitsulo kagolide kaja, auzeni alilowetse m'makina m'malo moswaipa. Chipi sichiopa maginito. Ndipotu kampani ya makadi ya Mastercard inalengeza mu 2021 kuti pofika 2033 mzerewu udzakhala utachoka pa makadi ake.

Pa zotaya, ena amakhula khadi ndi maginito a sipika n'kuliponya m'bini. Ayi ndithu! Chipi chimatsala chamoyo, nambala zosindikizidwa zija n'kumawerengekabe, wakuba n'kugulira zinthu pa intaneti. Tengani sizasi, dulani podutsa pa chipi, pa mzere ndi pa nambala, zidutswazo muzitaye masiku osiyana. Musanadule, funsani ku banki ngati lakalelo alitsekadi.