Google yalanga webusaiti ya loji yanga chifukwa cha malinki ogula: ndichite chiyani?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene ali ndi malo ogona alendo m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Dzina lawo ndi la lojiyo ndazisunga. Chaka chatha analemba ganyu mnyamata wina amene anamupeza pa Facebook, yemwe analonjeza kuti aika webusaiti yawo pa tsamba loyamba la Google. Ankamutumizira ndalama pa foni mwezi ndi mwezi, ndipo kwa kanthawi zinthu zinayendadi. Tsopano akulemba kuti:

"Ndikalemba dzina la loji yanga pa Google ndimaipeza, koma ndikalemba 'Mulanje accommodation' sindikuoneka ngakhale pa tsamba lachisanu. Mwana wanga watsegula Search Console n'kupeza uthenga wakuti 'Unnatural links to your site'. Kodi ndi anzanga a bizinesi andichita chipongwe? Nditseke webusaitiyi n'kuyamba ina? Mnyamata uja akuti ndimupatse ndalama ina kuti akonze."

Mayi, ndiyambe ndi zomalizazo chifukwa ndi zimene zingakudyereni ndalama lero lomwe. Musamupatsenso ngakhale tambala. Koma musakangane naye msanga, pali chinthu chimodzi chimene mukuchifuna kwa iye: mndandanda wa malo onse amene anaikako malinki opita ku webusaiti yanu, kuphatikizapo kumene anawagula. Mupempheni mwaulemu, ngati mmene mungapemphere lisiti. Akupatseni kapena akane, mwana wanu alowe mu Search Console, chida cha Google chosonyeza mmene webusaiti ikuonekera pa Google, apite pa Settings kenako Users and permissions, amuchotse m'menemo. Ngati analembedwa monga mwini wake, achotsenso kachizindikiro kamene anaika pa webusaiti potsimikizira umwiniwo, apo ayi mawa mudzangomupeza walowanso. Musinthenso mapasiwedi a WordPress, pulogalamu yoyendetsera webusaiti, ndi a kumene mumalipira hosting, malo osungirako webusaitiyo.

Kuti mumvetse chimene chakugwerani, tibwerere kumene Google inachokera. Pamene Larry Page ndi Sergey Brin ankayambitsa kampaniyi mu 1998, nzeru yawo yaikulu inali yotchedwa PageRank: tsamba limene masamba ena ambiri odalirika akulilozera ndi malinki liyenera kukhala lofunika, choncho likwere. Linki ili ngati mboni pa bwalo la amfumu. Anthu a m'mudzi amene amakudziwani akakuikirani umboni, mawu awo amalemera. Koma amfumu akazindikira kuti mboni makumi asanu zimene mwabwera nazo munazitola pa depoti n'kuzigulira thobwa, ndipo palibe imene inakuonanipo, sangotaya umboniwo ayi, amayambanso kukayikira inuyo. Mnyamata uja anakubweretserani mboni za pa depoti.

Si inu oyamba, ndipo agwamo ndi akuluakulu omwe. Mu February 2011 nyuzipepala ya New York Times inaulula kuti sitolo yaikulu ya ku America ya JC Penney inkakhala pamwamba pa Google chifukwa cha malinki zikwizikwi ochokera pa masamba opanda pake. Eni sitoloyo anati sankadziwa, n'kuchotsa kampani imene inkawagwirira ntchitoyo, koma chilango chinawagwerabe. Mu 2013 zinagwera Interflora, ogulitsa maluwa a ku Britain. Ngakhale Google yeniyeniyo, mu January 2012, inatsitsa tsamba lake la Chrome kwa masiku 60 itapeza linki yosemphana ndi malamulo ake m'nkhani zolipiridwa. Ndatchula za JC Penney dala, kuti mudziwe kuti mawu akuti "sindinkadziwa" paokha samasula munthu. Webusaiti ndi yanu, mlandu ndi wanu.

Pali njira ziwiri zimene malinki oipa amagwetsera webusaiti, ndipo anthu ambiri amazisokoneza. Yoyamba ndi ya makina. Pa 24 April 2012 Google inatulutsa Penguin, imene inkatsitsa mawebusaiti a malinki ogula popanda kuuza mwini wake kanthu. Kuyambira September 2016 Penguin inasintha khalidwe, tsopano imangonyalanyaza malinkiwo, ndipo mu December 2022 anawonjezera makina ena otchedwa SpamBrain pa ntchito yomweyo. Pamenepa palibe chilango chodandaulira. Malinki angosiya kugwira ntchito, webusaiti n'kutsika kubwerera pamalo pake. Njira yachiwiri ndi manual action, pamene munthu wogwira ntchito ku Google wayang'ana yekha webusaiti n'kuikapo chilango. Uthenga umene mwana wanu wapezawo, wonena za malinki achinyengo olozera ku webusaiti yanu, ndi wa mtundu uwu. Zikumveka zowopsa, komabe kuli bwino kuno chifukwa kuli khomo logogoda: mukakonza mumapempha kuti ayang'anenso, ndipo amayankha.

Owerenga ena amene alendo achepa pa webusaiti yanu, musathamangire kunena kuti mwalangidwa. Tsegulani Security & Manual Actions mu Search Console. Ngati palembedwa kuti palibe vuto, fufuzani kwina. Ripoti ya Performance imasunga ziwerengero za miyezi 16, choncho yerekezani mwezi uno ndi mwezi womwewu chaka chatha. Aliyense wa ku Likhubula akudziwa kuti mvula ikalimba okwera phiri amachepa, ndipo ofufuza pa intaneti amachepanso chimodzimodzi.

Za chipongwe cha anzanu, Mayi, ndikumvetsa chifukwa chake mwaganiza choncho, ndipo n'zoona kuti munthu akhoza kutumiza malinki a zinyalala ku webusaiti ya mnzake. Koma Google imanena kuti zoterezi nthawi zambiri imangozinyalanyaza, ndipo inu mukudziwa munthu amene munkamulipira kuti abweretse malinki. Tisavutike n'kufunafuna mfiti.

Ntchito yeniyeni ndi yotopetsa, ndipo palibe njira yachidule. Mu Search Console pitani pa Links, musankhe Export external links, mutsitse mindandanda yonse iwiri, wa Latest links ndi wa More sample links. Muiphatikize ndi mndandanda wa mnyamata uja ngati wapereka, zonse zikhale mu Google Sheets. Zida zolipira ngati Ahrefs kapena Semrush zimapeza malinki ena owonjezera, koma mtengo wake ndi wa madola, ndipo pa webusaiti yaing'ono ngati yanu mukhoza kuyamba popanda izo. Musanjike mndandandawo potengera webusaiti imene linki yachokera. Mudzaona kuti malinki ochuluka zedi akuchokera m'mawebusaiti ochepa, ntchito n'kupepuka.

Kenako muzitsegula webusaiti imodziimodzi, ndi maso anu. Nthawi zambiri simudzachedwa kuzindikira. Mudzapeza tsamba la m'Chirasha lokamba za kubetcha mpira, ndipo pakati pa ndime, popanda mutu kapena mchira, pali mawu a buluu akuti "cheap lodge Mulanje" olozera kwa inu. Mudzapeza nkhani ya m'Chingerezi chokhotakhota imene ikutchula loji yanu pamodzi ndi dokotala wa mano wa ku Texas ndi wogulitsa matayala ku Dubai. Mudzapeza ndemanga pansi pa nkhani za anthu ena, dzina la wolemba ndemangayo lili "best accommodation Sapitwa". Chizindikiro chachikulu ndi mawu omwewo kubwerezedwa m'malo ambiri. Mlendo weniweni akamalemba za ulendo wake amatchula dzina la loji, kapena amangoti "tinagona pano". Salemba ngati chikwangwani. Funso lodzifunsa pa linki iliyonse ndi lakuti: Google ikanakhala kulibe, kodi munthuyu akanaikabe linkiyi?

Samalani musazule chimanga pamodzi ndi udzu chifukwa cha mantha. Mzungu amene anakwera ku Chambe kapena ku Lichenya n'kulemba pa tsamba lake laling'ono kuti anagona kwa inu, linki yake ndi chuma, ngakhale tsambalo likhale losaoneka bwino. Zida zina zimapaka malinki otere utoto wofiira kuti ndi "toxic". Ziwerengero zimenezo ndi za eni zidawo, si za Google, ndipo musalole kuti zikusankhireni.

Google imafuna kuti muyambe mwayesa kuchotsa malinki oipawo musanawakane. Amene mnyamata uja ali ndi makiyi ake, achotse yekha. Kwa enawo, lemberani eni mawebusaiti imelo yaifupi yosonyeza tsamba lenileni pamene pali linki, n'kupempha kuti aichotse kapena aikepo rel="nofollow", chizindikiro chouza Google kuti isaiwerengere. Ambiri sadzayankha. Ena adzafuna ndalama kuti achotse; musalipire. Chofunika ndi kulemba zonse mu Google Sheets muja: webusaiti, tsiku limene munalemba, ndi yankho. Umenewo ndiwo umboni wanu.

Otsalawo ndi a disavow, chida chimene Google inatulutsa mu October 2012 chouza makina ake kuti malinki akutiakuti musawawerengere. Mumalemba failo wamba ya .txt, mzere uliwonse chinthu chimodzi. Kukana webusaiti yonse mumalemba motere: domain:example.com. Ndikulangizani kukana mawebusaiti athunthu m'malo mwa tsamba limodzilimodzi, chifukwa webusaiti ya zinyalala imakhala ndi linki yanu m'masamba enanso amene simunawaone. Mzere woyamba ndi chizindikiro cha # Google siiwerenga, ndi wongodzikumbutsa inu. Pali zinthu ziwiri zimene zimapunthwitsa anthu. Chidachi sichigwira ntchito pa Domain property, choncho ngati webusaiti yanu inalembetsedwa mu Search Console mwa njira imeneyo muilembetsenso mwa njira ina yotchedwa URL prefix. Chachiwiri, failo yatsopano imafufuta yakale, ndiye mukafuna kuwonjezera mawebusaiti ena, muwonjezere mu failo yakaleyo n'kuitumiza yonse.

Mukamaliza mubwerere pa Manual actions n'kudina Request Review. Kumeneko kumawerenga munthu, choncho lembani m'Chingerezi chosavuta ngati mukulankhula ndi munthu. Nenani chilungamo: munalipira wina kuti akugulireni malinki kuyambira mwezi wakuti, munasiya naye ntchito, mwachotsa angati, mwakana angati, ndipo muikepo linki ya Google Sheets ija mutaitsegula kuti aione. Musalembe za ngongole ya ku banki kapena za antchito amene akudikira malipiro. N'zoona ndithu, koma woyang'anayo akufuna kuona ngati malinki achoka. Yankho limatenga masiku angapo kapena masabata, ndipo nkhani za malinki zimachedwerapo. Musatumize pempho lina loyamba lisanayankhidwe. Kukanidwa koyamba si chachilendo, ndipo nthawi zina amakupatsani zitsanzo za malinki amene mwawasiya. Zitsanzozo zikuimira gulu lonse la malinki ofanana nawo, ndiye musangochotsa okhawo n'kubwereranso.

Zotseka webusaiti n'kuyamba ina, ayi. Dzina lanu lili pa zikwangwani, pa makadi, m'mafoni mwa alendo akale. Mukalozera webusaiti yakale ku yatsopano, malinki oipa aja amakutsatirani komweko. Mukapanda kulozera, mwataya ndi abwino omwe. Njira imeneyo ndi ya munthu amene webusaiti yake inalibe kalikonse kabwino chiyambire.

Tsopano zimene ogulitsa ntchito za SEO, zokweza mawebusaiti pa Google, sakonda kunena. Tsiku limene uthenga udzabwere wakuti chilango chachotsedwa, simudzabwerera pa tsamba loyamba. Malo aja munawakwera ndi malinki amene mwangowakanawa. Mudzaima pamene malinki anu enieni angakuimikeni, mwina tsamba lachiwiri, mwina lachitatu. Ambiri amafooka pamenepa n'kukagulanso malinki kwina, ndipo chilango chachiwiri chimavuta kuchotsa kuposa choyamba.

Komatu inu muli ndi mwayi umene wogulitsa matayala ku Dubai uja alibe. Muli pansi pa phiri limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limene UNESCO inaliika pa mndandanda wa World Heritage mu July 2025, ndipo anthu akufufuza za ilo kuchokera kutali. Mafunso awo mumawayankha pakamwa tsiku ndi tsiku: kuchoka ku Limbe akwere chiyani ndipo atsikire pati, kuchoka pa Chitakale kufika ku Likhubula ayende bwanji, woperekeza ndi wonyamula katundu amupeze kuti, ku Dziwe la Nkhalamba n'koyenda nthawi yaitali bwanji ndi ana, kumtunda kumazizira motani mu June ndi July, nanga chiperoni chikagwa achite chiyani. Lembani zimenezo pa webusaiti, tsamba lililonse funso limodzi, ndi zithunzi zanuzanu ndi mitengo yolondola ya chaka chino. Masamba otere ndiwo amene anthu amalozera mosapemphedwa.

Ndiye pali anthu amene mumagwira nawo kale ntchito: makampani a ku Blantyre ndi Lilongwe amene amakutumizirani alendo, magulu a mpingo ndi masukulu amene amachitira misonkhano kwa inu, anzanu a malo ogona a ku Thyolo amene mumapatsirana alendo okaona minda ya tiyi, othamanga amene amagona kwa inu nthawi ya mpikisano wothamanga m'phiri wa Porters' Race. Kuwapempha kuti akutchuleni pa masamba awo si mlandu, bola pasakhale malipiro kapena mgwirizano wongosinthana malinki. Ngati mwagoneka wolemba nkhani za maulendo mwaulere kuti alembe za inu, chimenecho Google imachiona ngati malipiro, ndiye linki yake ikhale ndi rel="sponsored", chizindikiro chosonyeza kuti linkiyo ndi yolipiridwa.

Pamene mukudikira yankho, samalirani Google Business Profile yanu, ija imaonetsa loji pa Maps: nambala ya foni yolondola, zithunzi zatsopano, ndi kupempha alendo enieni kuti alembe ndemanga akamanyamuka. Zogula ndemanga musayese n'komwe. Pempho loyamba likakanidwa, Mayi, nditumizireni uthenga wa Google mmene ulili pamodzi ndi failo ya disavow, tidzayang'ane limodzi gulu la malinki limene latsalira.